Mphenzi Itagwera Seva ya a Kawonga

Ntchito yokonza makompyuta ndinaipeza ndikugulitsa tiyi. Nditamaliza Folomu 4 kwathu ku Kaseye, ndinapita kukakhala ndi azakhali anga pa Boma la Chitipa, omwe anali ndi kachisakasa ka tiyi ndi chapati kuseri kwa msika. Mbali yanga inali yozungulira m'mashopu m'mamawa ndi fulasiki ndi makapu. Mmodzi wa makasitomala anga anali a Silungwe, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito yokonza makompyuta a m'maofesi ku Mzuzu, kenako n'kubwerera kwawo kudzatsegula kashopu ka chipinda chimodzi.

Tsiku lina ndinawapeza atawerama pa kabokosi kotsegula, magalasi ali pansonga ya mphuno, akulimbana ndi tinthambo tiwiri topita ku batani loyatsira. Tinthambo timeneti timalowa pa timisomali tating'ono ngati singano, ndipo zilembo zosonyeza polowetsa zinali zitawakanika kuwerenga.

"Iwe Wezi, maso ako ali makora, akuona bwino?" anandifunsa. "Ika fulasikiyo pansi, tandiwerengere apa."

Ndinawerenga, iwo n'kundiuza polowetsa, ine n'kulowetsa. Atadina batani, kanyali kobiriwira kanayaka. Mawa lake anandiitananso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Mnyamata amene ankawathandiza anali atapita ku Tunduma osabwererako. Pasanathe mwezi anapita kukalankhula ndi azakhali, ndipo ine ndinasiya fulasiki n'kugwira sikuludiraiva.

Shopu ya a Silungwe inkakonza kompyuta iliyonse imene yabwera, koma chimene ankadziwika nacho chinali timakompyuta timene ankamanga okha. Mkati mwa kompyuta iliyonse muli chimbale chafulati chimene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Ife tinkangochitchula kuti bodi. Mabodi amene a Silungwe ankaitanitsa kudzera kwa amalonda opita ku Mbeya anali ang'onoang'ono, osaposa chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu, otsika mtengo, ndipo anali osiyana ndi ena m'zinthu ziwiri. Purosesa, yomwe ndiyo imagwira ntchito yonse yowerengera, inkabwera yowotchereratu pa bodipo, yosachotseka. Ndipo panalibe fani yoziziritsa purosesayo. M'malo mwake pamwamba pa purosesa pankakhala chitsulo cha mano ngati chipeso, chimene chimakoka kutentha n'kukutaya mu mpweya.

Amene anakhalapo ku Chitipa m'chilimwe adziwa chifukwa chake a Silungwe ankakonda mabodi amenewa. Mphepo ikayamba, fumbi limalowa ngakhale m'chikwama chotseka. Kompyuta ya fani imapuma fumbi limenelo tsiku lonse, mpaka fani imalemera, kulira ngati chigayo, kenako n'kuima, ndipo purosesa imapsa. Theka la makompyuta amene ndinkatsegula linali ndi vuto lomwelo, ndipo ndinkatuluka nawo panja ndi bulowa youzira fumbi ndi burashi, nditamanga kansalu kukamwa. Bodi yopanda fani ilibe chozungulira, choncho ilibe choti n'kuima. Imadyanso magetsi pang'ono kwambiri. Mitundu ina imalandira mphamvu kuchokera ku batire ya sola popanda inveta yosinthira mphamvuyo kuti ifanane ndi magetsi a m'nyumba, ndipo kwa munthu wa kumudzi kapena wa pa Boma wotopa ndi kuthimathima kwa magetsi, nkhani inali imeneyo.

Zofooka zake a Silungwe sankabisa. Kulemba makalata, kusindikiza, intaneti, nyimbo ndi mafilimu, bodi imeneyi imakwanitsa. Koma akabwera mnyamata wojambula maukwati wofuna kudula mavidiyo, ankamubweza. "Iyi si yako. Udzanditukwana." Ndipo purosesa ikafa, palibe chosintha. Bodi yonse imatayidwa.

Kumanga kompyuta yoteroyo ndinaphunzira msanga. Umayamba wagwira chitsulo cha chitseko kuti magetsi a m'thupi achoke. Umalowetsa ramu, yomwe imakumbukira zimene kompyuta ikuchita panthawiyo, mopendeketsa n'kuikankhira pansi mpaka itati thapu. Umamanga bodi pa timizati ta m'bokosi, kuonetsetsa kuti pansi pake sipakukhudza chitsulo. Umalumikiza disiki, nthambo za mabatani, kenako mphamvu, koma usanalumikize mphamvu umayeza ndi mita kuti voteji ndi yoyenera ndipo polowa ndi potuluka sipanatembenuke. Pa waya wochokera ku batire a Silungwe ankaika fyuzi nthawi zonse, kuti mphamvu ikachuluka ipse ndi iyo, osati bodi. Tikamaliza tinkaisiya yoyaka tsiku lathunthu, n'kumakhudza chitsulo cha mano chija ndi kuseri kwa chala. Kutentha kumakhalapo ndithu, koma chala chizitha kupirira.

Vuto lalikulu linali kufotokozera anthu kuti kompyuta yopanda phokoso si yakufa. Mayi wina wa shopu yotayipa makalata anabweza yake tsiku lomwelo, ati siikuyaka, pamene anali asanalumikize sikirini. Ena ankaiphimba ndi nsalu yoluka kuti isade. Tinkawauza mobwerezabwereza kuti tizibowo ta pa bokosi ndiye mphuno zake, tisatsekedwe.

Ena mwa makompyutawa tinkawamanga kuti akhale seva, kutanthauza kompyuta yosathimitsidwa, yosunga zinthu zambiri zimene mafoni ndi makompyuta ena amatengamo. Seva yoteroyo inkakhala ndi madisiki awiri: kakang'ono koyendetsera kompyutayo, ndi hadi disiki yaikulu yosungira katundu. Imodzi inali kwa a Kawonga ku Nthalire.

A Kawonga anali mphunzitsi wopuma. Pa kamsika kena kumeneko anali ndi kachipinda koika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi a anthu, ndipo zonse zinkayendera sola. Koma chimene mtima wawo unali nacho chinali makwaya. Kwa zaka zambiri ankayenda m'mipingo ya m'deralo ndi kachojambulira mawu, kujambula makwaya a amayi, a achinyamata, nyimbo za pa maliro ndi za pa ukwati, m'Chitumbuka ndi m'zinenero zina za kumapiri kumeneko. Zonsezo zinali mu hadi disiki ya seva ija.

Ndinali nditagwira ntchito kupitirira chaka pamene a Kawonga anaimba foni Lachinayi lina madzulo, mkati mwa dzinja. Mphenzi inali itagwa pafupi ndi kamsika, ndipo seva inazima osayakanso. Loweruka kunali mwambo woonetsa chiliza cha malemu akazi awo, a NyaMunthali, amene ankatsogolera kwaya ya amayi. Ana anali atabwera kuchokera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo bambowo anali atawalonjeza kuti pa mwambowo adzamva mawu a mayi awo.

A Silungwe anali chigonere ndi malungo. Ndinapita kunyumba kwawo kukawauza, ndipo anandimvetsera ali chogona pa mphasa pakhonde.

"Tenga bodi yatsopano ija, ramu, mafyuzi, mita, ndi kadisiki kathu ka panja kokoperamo zinthu," anatero. "Upite ndiwe."

"Adada, ndekha?"

"Nanga ndi njani?"

Ndinanyamuka Lachisanu kukucha pa njinga yamoto ya kabaza. Bodi ndinaikulunga m'chikwama chake, n'kuiika pakati pa zovala, chikwama cha zovalacho n'kuchivala kutsogolo kuti ndikagwa ndigwere msana. Msewu wa ku Nthalire m'dzinja sufuna munthu wothamanga. Malo ena ndinkatsika n'kuyenda wapansi, wakabaza akukankha njinga m'matope ofika m'mawondo. Tinafika dzuwa litakwera.

A Kawonga anandilandira pakhomo pa kachipinda kawo. Anali munthu wamtali, wowonda, atavala jekete ngakhale kunali kofunda.

"Monire, mama. A Silungwe ali kumbuyo?"

"Yewo, adada. A Silungwe akudwala. Atuma ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zamatope zija. Anangosuntha mpando kuti ndikhale.

Nditangotsegula bokosi, fungo la chinthu chopsa linandiuza zambiri. Pafupi ndi polowera mphamvu panali banga lakuda, ndipo tizipangizo tiwiri tinali titaphulika. Mphenzi inalowera ku waya wa sola, n'kuwotcha kontirola yoyendetsa mphamvu ya sola polowa mu batire, n'kufika pa bodi. Mwamwayi sikirini inapulumuka, chifukwa a Kawonga ankaichotsa pa magetsi akamatseka. Batire nayo inali yotsika kwambiri, choncho mwana wawo wamkulu anakabwereka ina kwa wometa tsitsi wapafupi.

Mpaka apa mtima wanga unali m'malo, chifukwa kusintha bodi ndinali nditachita kambiri. Ndinamasula yakufayo, kumanga yatsopano, kulowetsa ramu, kulumikiza madisiki onse awiri, kuyeza voteji ya batire yobwerekayo, kuika fyuzi yatsopano. Nditalumikiza waya womaliza, ndinamva kaphokoso kakang'ono, ndipo fyuzi inapsa nthawi yomweyo. Kanyali sikanayake n'komwe.

Chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti ndawotcha bodi yatsopano, yokhayo imene tinali nayo, ndipo ina yapafupi inali ku Mbeya. A Kawonga anaima kumbuyo kwanga, ndipo pakhomo panali patadzaza ana ndi anthu odutsa.

"Yayaka?" anafunsa.

"Ayi, adada. Ndipatseni kanthawi."

Ndinachita zimene tinkachita ku shopu chinthu chikasokonekera: kuchotsa zonse n'kuyamba ndi bodi yokha. Ndinazula madisiki onse, kusiya ramu ndi sikirini basi, n'kuika fyuzi ina. Kanyali kanayaka, ndipo pa sikirini panatuluka zilembo. Bodi inali yamoyo. Ndinathimitsa, kulumikiza kadisiki kakang'ono, kuyatsanso. Kompyuta inadzuka bwinobwino mpaka kufika poyambira. Kunatsala hadi disiki yaikulu ija. Sindinafune kuwotchanso fyuzi, choncho ndinaiyeza ndi mita polowera mphamvu yake, ndipo mita inalira. Mkati mwake munali shoti, magetsi ankadutsa njira yachidule yosayenera. Mphenzi sinathere pa bodi. Inadutsa n'kukafika pa disiki imene munali nyimbo zonse.

M'kachipindamo netiweki inkabwera n'kumapita. Ndinakwera kachitunda kuseri kwa kamsika n'kuimbira a Silungwe. Mawu awo anali ofooka, koma mutu unkagwira. Anandiuza kuti nditembenuze disiki, ndimasule kabodi kake ka pansi, ndiyang'ane pafupi ndi polowera mphamvu. Pamenepo pamakhala kachipangizo kakuda kakang'ono, dayodi yoteteza, imene ntchito yake ndi kufa m'malo mwa disiki mphamvu ikachuluka. Ikafa imasanduka shoti, n'chifukwa chake fyuzi imapsa.

"Ukaidula, disiki ikhoza kuzungulira," anatero. "Koma sitikudziwa china chimene chavulala mkatimo. Ikhoza kuyenda tsiku lonse, ikhoza kuima usanamalize kumwa madzi, ikhozanso kupseratu. Usadule usanawauze eni ake. Disikiyo si yako."

Ndinatsika n'kuwafotokozera a Kawonga zonse monga ndinazimvera, osachepetsa. Ndinawauzanso njira ina, yoti disiki tiisiye momwemo, idzatumizidwe kumzinda kwa anthu a zipangizo zabwino, ngakhale izi sizikanatheka Loweruka lisanafike. Ndinawauzanso kuti kadisiki ka panja kamene ndinabwera nako n'kochepa, sikangalandire zonse.

Anakhala pansi pa benchi. Mwana wawo wamkulu uja anayamba kulankhula mwachangu m'Chitumbuka, akuti asaike pachiswe ntchito ya zaka zonsezi chifukwa cha tsiku limodzi. Bambowo anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Kumzinda ndidzaitumiza ndi ndani, ndipo idzabwera liti?" anatero. "Dula, mama."

"Ikazungulira, ndiyambe kukopera chiyani?"

"Muli chikwatu cholembedwa kuti Makwaya. Mafilimu ndi nyimbo za pa wailesi uzisiye, zimenezo zili paliponse. M'kati mwa Makwaya uyambe ndi cha NyaMunthali."

Ndinamasula kabodi kaja ndi sikuludiraiva ya nyenyezi. Dayodi ndinaipeza mosavuta, chifukwa inali itang'aluka pakati, ndipo mita inatsimikiza. Chitsulo chowotchera ndinalibe, ndipo ngakhale chikanakhalapo panalibe pochilumikiza. Ndinagwiritsa ntchito kapulayala kodulira waya, kugwira dayodi pakati n'kufinya pang'onopang'ono kuti ndisakhudze tizipangizo toyandikana nato. Inathyoka, ine n'kuchotsa zidutswa ndi burashi. Mita inasiya kulira. Ndinabwezera kabodi, kulumikiza disiki, kukonzeratu kadisiki ka panja kuti ndisataye nthawi, n'kudina batani.

Chifukwa bodi ilibe fani, m'chipindamo munali zii, ndipo tonse tinamva disiki ikuyamba kuzungulira. Inatenga nthawi kuti ioneke pa sikirini, koma inaoneka. Ndinatsegula Makwaya, kupeza chikwatu cha a NyaMunthali, n'kuyamba kukopera mpaka chinatha.

Kenako ndinkawawerengera a Kawonga maina a zikwatu, iwo n'kumasankha. Ankayamba ndi zakale, za anthu amene ambiri anamwalira kapena kusamuka. Sindinakopere zonse pamodzi, ndinkatenga chimodzichimodzi, kuti disiki ikaima tidziwe chimene chapulumuka. Chakudya chinabwera, chinazizira pa benchi. Dzuwa litapendeka, kukopera kunayamba kuchedwa. Nyimbo imodzi inkatenga nthawi imene poyamba chikwatu chonse chinkatenga. Kenako disiki inayamba kugogoda, ko, ko, ko, n'kusowa pa sikirini. Ndinathimitsa, kudikira kuti izizire, kuyatsanso. Inagogoda basi. Sinaonekenso.

Tinapulumutsa zoposa theka la makwaya. Zotsalazo zinapita, pamodzi ndi mafilimu onse ndi nyimbo zimene a Kawonga ankagulitsa.

"Pepani, adada," ndinatero.

"Tsegula cha NyaMunthali," anayankha.

Ndinalumikiza sipika yawo n'kusankha nyimbo yoyamba. Kunamveka phokoso la mabenchi, mwana akulira chapatali, kenako mawu a mayi mmodzi akuyambitsa, amayi ena n'kulandira. Mwana wamkulu uja anatuluka panja. A Kawonga anamvetsera nyimbo yonse ali chiimire, dzanja lili pa bokosi la seva, kenako anati ndithimitse, zinazo akamvera mawa limodzi ndi ana. Ndisanatseke ndinakopera chikwatucho m'mamemori khadi atatu, ndipo ana awo aliyense anatenga yake.

Mvula inagwanso madzulo amenewo, wakabaza anakana kubwerera, ndipo ndinagona kwa a Kawonga pamodzi ndi azimayi amene anabwera ku mwambo. Loweruka ndinanyamuka mwambo usanayambe, chifukwa shopu inali yotseka ndipo a Silungwe analibe wina. Za mmene zinayendera ku manda ndinangomva pa foni, kuti sipika inamveka bwino ndipo amayi a kwaya anaimba motsatira.

A Silungwe atachira ndinawafotokozera zonse. Sanandiyamikire kapena kundidzudzula. Anafunsa ngati ndinabweretsa bodi yopsayo kuti tichotsepo zimene zingagwirenso ntchito. Kenako ananena kuti seva ija anaimanga ndi iwo eni ake, ndipo tsiku limene ankaipereka anafotokoza za fumbi, za batire ndi za tizibowo ta mpweya, koma za kusunga nyimbozo pamalo ena sanatchule. Kuyambira sabata imeneyo, seva iliyonse yotuluka mu shopu yathu inkapita ndi disiki yachiwiri yoti mwini wake azikoperamo n'kuizula, kukaisunga m'nyumba ina. Amene ankakana, a Silungwe ankamufotokozera za ku Nthalire.

Patapita miyezi ndinabwereranso kwa a Kawonga kukaika disiki yatsopano ndi kontirola ina. Ndili mkati mogwira ntchito, panabwera mayi wina wachikulire wochokera kumudzi wa kuseri kwa phiri, atamanga memori khadi pa nsonga ya chitenje. Ankafuna nyimbo za kwaya ya kwawo zimene a Kawonga anajambula kalekale, mchemwali wake akadali moyo. A Kawonga anayang'ana pa sikirini ngakhale ankadziwa kale yankho, kenako anamuuza kuti za mudzi umenewo zinali m'gulu lija limene sitinalifikire. Mayiyo sanakwiye. Anamanganso khadi yake pa chitenje, n'kufunsa ngati a Kawonga angadzabwere kudzajambula oimba otsalawo asanathe nawonso. Anagwirizana tsiku la Sabata lina pambuyo pokolola.

Lero ndili ndi kashopu kangakanga, ndipo mabodi opanda fani ndimamangabe, ngakhale a masiku ano ndi amphamvu kuposa amene ndinayambira. Ndi abwino kwa malo ngati kwathu kuno, ndipo ndimawagulitsa ndi mtima woyera. Koma bodi, ramu, batire, zonsezo zimabwera pa galimoto kuchokera ku Mbeya, ndipo zikapsa zimabweranso zina. Chimene ndinatenga ku Nthalire ndi funso limodzi, ndipo ndimalifunsa ndisanamasule sikuluwu yoyamba pa kompyuta ya munthu aliyense: muli chiyani umu chimene kulibe kwina kulikonse? Ambiri amayamba aseka, ati mulibe kanthu. Ndimadikira. Kenako wina amakumbukira zithunzi za mwana wake ali wakhanda, wina mawu a bambo ake. Zimenezo ndimakopera kaye, mwini wake akuona, kukonza kumabwera pambuyo.